Mmene mungapezere makaniko wodalirika mukasamukira kudera lachilendo

Anthu ambiri amayamba kufunafuna makaniko tsiku limene galimoto yakana kulira, ndipo pamenepo amakhala atachedwa kale. Galimoto ikakuferani pamsewu m'mamawa ana ali kumbuyo akuchedwa kusukulu, simusankhanso. Amene wafika msanga ndi sipanala m'manja ndiye amatsegula boneti, ndipo mtengo umene watchula ndi umene mumalipira. Vutoli limakula kwa munthu amene wangosamuka kumene, tinene kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Makaniko amene ankaidziwa galimotoyo mpaka kaliridwe kake watsala makilomita oposa 300 kumbuyo, ndipo kumalo atsopanowo simudziwa ndi mmodzi yemwe.

Malangizowa muwayambe galimoto ikadali bwinobwino, makamaka mwezi woyamba mutangofika. Zitsanzo zambiri ndi za ku Lilongwe, koma njira yake ndi yomweyo ku Mzuzu, ku Zomba kapena paboma lililonse.

Zoti mukhale nazo musanayambe

- Foni yojambula bwino.
- Kabuku ndi cholembera, zoti zizikhala m'galimoto nthawi zonse.
- Nambala ya chesisi ndi ya injini. Zili pa bulubuku, ndipo ya chesisi ilinso pakachitsulo kapena kapepala komatidwa pafupi ndi chitseko kapena mkati mwa boneti.
- Malisiti akale a sevisi ndi a masipeya, ngati munkasunga.
- Tochi, ndi penti ya zikhadabo kapena maka yosafufutika.
- Ndalama yokwanira sevisi wamba imodzi.
- Nambala ya foni ya makaniko wanu wakale.

1. Idziweni galimoto yanu musanaipereke kwa mlendo

Magalimoto ambiri a anthu wamba m'Malawi muno ndi aja ochokera ku Japan atagwirako kale ntchito: Sienta, Vitz, Passo, Probox, Nissan Note, Honda Fit, Mazda Demio ndi ena otero. Dzina lokha silikwanira. Ma Vitz alipo a injini zosiyanasiyana, ndipo sipeya ya imodzi nthawi zina siilowa pa inzake. Chimene chimasiyanitsa ndi zilembo zoyambirira za nambala ya chesisi. Vitz imene nambala yake imayamba ndi KSP90 ili ndi injini ya 1KR-FE ya masilinda atatu, pamene Sienta imene nambala yake imayamba ndi NCP81 ili ndi injini ya 1NZ-FE ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT. Lembani patsamba loyamba la kabuku kanu zinthu izi: nambala ya chesisi, mtundu wa injini, mtundu wa giyabokosi, oyilo amene buku la galimotoyo limanena, ndi makilomita amene inali itayenda pa sevisi yomaliza. Buku limene linabwera ndi galimoto likakhala la Chijapani, la Chingerezi nthawi zina limapezeka pa intaneti.

Kenako imbirani makaniko wanu wakale. Muuzeni kuti, "Madala, ndasamuka. Tandiuzani zimene munaona kuti zatsala pang'ono kutha pagalimoto ija, komanso ngati muli ndi mnzanu kuno amene mumamudalira." Amakaniko amadziwana. Ambiri anaphunzirira limodzi kusukulu ya ntchito zamanja kapena anakulira pagalaja imodzi asanamwazikane, ndipo munthu amene wakutumikirani zaka zambiri sangafune kuti dzina lake lide chifukwa cha mnzake amene wakutumizaniko.

Chenjezo: mndandanda wa zimene zatsala pang'ono kutha musauonetse kwa makaniko watsopano tsiku loyamba. Mudzaugwiritsa ntchito pomuyesa.

2. Funsani, koma funsani anthu oyenera

Safunsa anadya phula, komatu wofunsa aliyense nayenso amasokera. Mnansi wa Hilux yatsopano imene kampani yake imaikonzetsa kwa dila sangakuthandizeni pa Passo ya zaka khumi ndi zisanu. Funani anthu amene ali ndi galimoto yofanana ndi yanu, ndipo aikonzetsa pamalo amodzi kwa nthawi yaitali.

Oyamba kuwafunsa ndi madalaivala a matakisi. Ngati muli ndi Sienta muli ndi mwayi, chifukwa pasiteji iliyonse pali anthu amene chakudya chawo chimachokera m'galimoto yomweyo, ndipo ikagona pagalaja tsiku limodzi kunyumba kumakhala njala. Amadziwa amene amatha giyabokosi, amene amatha mawaya, ndi amene amangoyerekeza. Kumbukirani chabe kuti ena a iwo amakonda wotchipa amene amangomanga ndi waya kuti galimoto ibwerere pamsewu lero lomwe. Achiwiri ndi madalaivala a kuntchito kwanu, a sukulu, a mpingo kapena a mabungwe. Iwowa amapita ndi magalimoto kugalaja mwezi ndi mwezi ndipo amaona zambiri zimene abwana awo saona.

Pofunsa musamangoti, "Makaniko wabwino ali kuti?" Aliyense adzakutchulirani mlamu wake. Funsani motere:

- Mwakhala mukupita kwa iyeyo kuyambira liti?
- Anakukonzerani chiyani, ndipo vutolo linabwereranso?
- Tsiku limene analakwitsa, anachita chiyani?
- Mtengo umene anatchula poyamba ndi umene munalipira?

Funso lachitatulo ndi limene limaulula zambiri. Palibe makaniko amene sanalakwitsepo. Mukamva kuti, "Anaibweza n'kukonzanso osandilipiritsa," lembani dzina limenelo ndi kulitsekera mzere kunsi.

Funani dzina la munthu, osati la galaja lokha. Chikwangwani chimakhala chomwecho zaka khumi pamene katswiri amene anatchukitsa malowo anachoka kalekale kukatsegula pake. Dzina likatchulidwa ndi anthu awiri kapena atatu osadziwana, liikeni pamwamba.

Chenjezo: ogulitsa masipeya amawadziwa amakaniko onse, koma ena amagawana kangachepe ndi amene amawabweretsera makasitomala. Mverani zimene anena, kenako mukatsimikize kwina. N'chimodzimodzinso m'magulu a pa WhatsApp ndi Facebook: nambala imene yaponyedwa patangopita mphindi imodzi mutafunsa nthawi zambiri imakhala ya mwini wake kapena ya m'bale wake.

3. Dziwani kuti mukufuna galaja yamtundu wanji

Kwa dila wa mtundu wa galimoto yanu kuli zipangizo zoyenera, masipeya enieni ndi lisiti lomveka, koma mtengo wake ndi wokwera. Ngati galimoto ndi yatsopano ndipo ikadali pa waranti, musayese kwina, chifukwa mukhoza kutaya warantiyo. Magalaja oima paokha, a mpanda ndi denga, ndiwo amayenera anthu ambiri. Palinso amakaniko a pansi pa mtengo, ndipo musawanyoze: ena mwa iwo anagwira ntchito zaka zambiri m'makampani akuluakulu ndipo ali ndi khutu lakuthwa kuposa makina. Vuto lawo ndi malo. Injini yotsegula siigwirizana ndi fumbi la mu Okutobala kapena mvula ya mu Januwale.

Ku Lilongwe magalaja ambiri ali ku Biwi, ku Mchesi, ku Kawale ndi ku Kanengo, ndipo masitolo a masipeya achuluka cha ku Malangalanga. Ku Blantyre anthu amathamangira ku Ndirande ndi ku Limbe, ku Mzuzu amalowera ku Luwinga. Sankhani malo oti mukhoza kufikako mosavuta pa nthawi ya nkhomaliro, chifukwa galimoto imene mwini wake amaizonda imatuluka msanga.

Makaniko mmodzi sangathe zonse. Wa injini ndi wina, wa mawaya ndi wina, wowongola ndi kupopera penti ndi winanso. Ngati muli ndi galimoto ya hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi) monga Aqua kapena Prius, mawaya ake a mtundu wa lalanje amanyamula magetsi oti akhoza kupha munthu, choncho funani amene anaphunzira magalimoto amenewa.

4. Kaoneni malowo musananene kuti muli ndi vuto

Sankhani magalaja atatu pamndandanda wanu, mupiteko m'kati mwa sabata ntchito ili m'kati. Perekani moni, nenani kuti ndinu mlendo m'derali ndipo mukufuna malo oti muzichitirako sevisi. Kenako khalani kanthawi, maso ali ponseponse.

Yambani ndi magalimoto amene ali kuseri. Mukaona asanu kapena asanu ndi limodzi matayala ataphwa, udzu utamera kunsi kwake, magalasi atachita fumbi loti ana alembapo mayina, funsani nkhani yake. Ena amakhala akudikira sipeya yochokera kunja kapena mwini wake anasowa ndalama, zimenezo zimachitika. Koma yang'anitsitsani ngati ali athunthu. Galimoto imene yachotsedwa nyali imodzi, galasi la m'mbali ndi alternator (chotchajira batire) nthawi zambiri imakhala ikudyetsa anzake, ndipo tsiku lina yanu ikhoza kudzakhala pamzere womwewo.

Kenako onani amene ali pansi pa galimoto. Kodi yakhazikika pa zitsulo zoimikira, kapena ili pa jeke yekha ndi njerwa ziwiri? Munthu amene sasamala moyo wake sangasamale mabuleki anu. Onani kumene akuika mabawuti akamasula: m'kachitini kapena pansalu, mwadongosolo, kapena pamchenga pomwe aponda aliyense? Injini yotsegula yaphimbidwa? Zing'onozing'ono zimenezi zimanena zambiri kuposa penti ya pachikwangwani.

Onaninso amene akugwira ntchito. Pagalaja iliyonse pali anyamata ophunzira, ndipo palibe cholakwika, ntchito imaphunziridwa choncho. Funso n'lakuti mkuluyo amabwera kudzaona zimene achita, kapena amangokhala pafoni uku akuthamangira kokagula masipeya tsiku lonse?

Funsani za usiku: pali mpanda ndi mlonda? Ndani amasunga makiyi? Mukhozanso kufunsa za mapepala. Chiphaso cha bizinesi chochokera kukhonsolo chimasonyeza kuti munthuyo sangasowe mawa m'mawa. Satifiketi ya TEVETA, bungwe limene lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, kapena ya trade test, imene Grade 1 ndiye yapamwamba, imasonyeza kuti anadutsa m'kalasi. Koma pepala silimasula bawuti. Liwerengeni ngati umboni umodzi mwa maumboni angapo.

5. Mufunseni mafunso amene mayankho ake mukuwadziwa kale

Apa ndi pamene mungasiyanitse wodziwa ndi wolotera, ngakhale inuyo musanagwirepo sipanala.

Funso loyamba: "Giyabokosi ya galimoto iyi mumathira oyilo wanji?" Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a ku Japan ali ndi giyabokosi ya CVT, imene imayendera lamba wachitsulo ndipo imafuna oyilo wakewake. Toyota ili ndi CVT Fluid TC ndi FE, Nissan ili ndi NS-2 ndi NS-3, Honda ili ndi HMMF ndi HCF-2, malinga ndi chaka cha galimoto. Makaniko wabwino amafunsa kaye nambala ya chesisi kapena amakayang'ana. Akangoyankha kuti, "ATF iliyonse imalowa, bwana," kutanthauza oyilo wamba wa giyabokosi ya otomatiki, tsanzikani mwaulemu. Oyilo wolakwika amatha giyabokosi pang'onopang'ono, ndipo ikadzayamba kunjenjemera miyezi ingapo kutsogolo palibe amene adzavomere mlandu.

Funso lachiwiri: "Ikamatentha, mumayamba kuona chiyani?" Yankho labwino limatchula zinthu zingapo: ngati madzi akudontha penapake, ngati fani ikuzungulira, chivindikiro cha radiyeta, pampu ya madzi, ndi kuyesa thermostat. Yankho loipa ndi lija lotchuka lakuti, "Tingochotsa thermostat, kuno kumatentha, si ku Japan." Ntchito ya thermostat ndi kusunga injini pa kutentha kwake koyenera. Ikachotsedwa injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri, ndipo vuto lenileni limene limatenthetsa galimotoyo limakhala lidakalipo, langobisala. Mufunsenso chimene amathira mu radiyeta. Madzi a pampopi okhaokha amachititsa dzimbiri m'kati; pamafunika coolant, madzi osakaniza ndi mankhwala oteteza dzimbiri.

Funso lachitatu: "Nyali ya check engine ikayaka mumatani?" Masiku ano magalaja ambiri ali ndi makina olumikiza pa soketi ya OBD2 imene ili kunsi kwa chiwongolero. Makinawo amangotulutsa nambala yosonyeza kumene kuli vuto, sanena chimene chafa. Mwachitsanzo, P0301 imatanthauza kuti silinda yoyamba siikuwotcha bwino. Chikhoza kukhala pulagi, koyilo kapena injector. Wodziwa ntchito amasinthanitsa koyilo ya silinda yoyamba ndi ya yachiwiri, n'kuona ngati nambalayo yasamukira ku P0302. Ikasamuka, wapeza wolakwa popanda kugula kanthu. Wolotera amakuuzani kuti mugule mapulagi onse ndi makoyilo onse, ndipo zikakanika amati mwina ndi kompyuta ya galimoto.

Makaniko amene wanena kuti, "Izi sindizitha, pitani kwa uje," musamuone ngati wolephera. Ameneyo ndi woyenera kumusunga.

6. Muyeseni ndi ntchito yaing'ono

Musayambe ndi injini kapena giyabokosi. Yambani ndi sevisi wamba: kusintha oyilo ndi ma filter, ndi kuona mabuleki. Ntchito imeneyi ndi yotchipa, imatha tsiku lomwelo, ndipo mukhoza kuitsimikiza ndi maso anu.

Madzulo a dzulo lake, injini itazizira, donthezani kadontho ka penti ya zikhadabo pa filter ya oyilo yakale, pabatire, ndi m'kati mwa limu ya tayala lililonse kuphatikizapo la sipeya. Jambulani zithunzi. Pa tsikulo khalani pomwepo mpaka ntchito ithe. Onetsetsani kuti botolo la oyilo latsegulidwa inu mukuona, chidindo chake chili chosadula, ndipo nambala yake ndi imene buku limanena, kaya 5W-30 kaya ina. Pali chizolowezi chothira 20W-50 m'galimoto iliyonse poganiza kuti oyilo wolimba ndiye wamphamvu, pamene injini zambiri za masiku ano zinapangidwira oyilo wopepuka. Akamaliza, sololani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, muone kuti oyilo ali pakati pa zizindikiro zake ziwiri, ndipo suzumirani kunsi ndi tochi ngati pali podontha.

Tsopano mufunseni kuti, "Mwaonapo china chofunika kukonza?" Apa ndi pamene mndandanda wa makaniko wakale ukugwira ntchito. Ngati watsopanoyu watchula zomwezo, ali ndi maso. Ngati watchula zinthu khumi zimene wakale sanazionepo, ndipo zonse akuti n'zofunika lero lomwe, samalani. Pa chilichonse chimene watchula nenani kuti, "Tandionetsani." Ma brake pad amaoneka ndi maso tayala likachotsedwa, ndipo akatsala pafupifupi mamilimita 3 ndiye kuti nthawi yosintha yakwana. Ball joint kapena bearing yotha imamveka mukagwedeza tayala galimoto ili m'mwamba. Shock absorber yotha nthawi zambiri imakhala yonyowa ndi oyilo. Batire labwino limaonetsa mavoti pafupifupi 12.6 injini ili chete, ndipo injini ikalira muyezo umakwera kufika cha m'ma 14 ngati alternator ikutchaja. Makaniko woona sakwiya mukamufunsa. Ambiri amasangalala kupeza kasitomala wofuna kumvetsa, ndipo amakuuzani okha kuti ichi n'chamsanga, ichi chikhoza kudikira malipiro a mwezi wamawa.

Chenjezo: kukhalapo sikutanthauza kuima pamsana pake n'kumamuuza zochita chifukwa munaonera kanema pa YouTube. Khalani pambali, funsani mwaulemu, mugulireni ndi botolo la chakumwa ngati kwatentha.

7. Gwirizanani za ndalama ntchito isanayambe

Mikangano yambiri ya pagalaja imayambira pa mawu akuti, "Tiona tikatsegula." N'zoona kuti zina sizioneka mpaka atamasula, koma gwirizanani kuti akapeza chatsopano ayambe wakuimbirani ndi kukutumizirani chithunzi asanagule kapena kusintha kanthu.

Pemphani kuti alembe mtengo wa masipeya paokha ndi wa ntchito ya manja paokha. Ngati palibe pepala la galaja, uthenga wa pa WhatsApp ukukwanira, bola pakhale dzina la sipeya iliyonse, mtengo wake ndi tsiku lotha ntchito. Funsaninso kuti mtengowo ukhala masiku angati. Masipeya pafupifupi onse amachokera kunja, choncho amatsatira mphamvu ya kwacha. Anthu akukumbukirabe mmene mitengo inalumphira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo wa mwezi watha ukasintha si nthawi zonse pamene makaniko akukuberani, koma imbani m'masitolo awiri kapena atatu mumve nokha.

Masipeya alipo a mitundu itatu: enieni a kampani imene inapanga galimoto, atsopano opangidwa ndi makampani ena, ndi ochotsedwa pa magalimoto ophwasulidwa. Onse ali ndi malo ake. Chitseko, nyali, ngakhale injini yathunthu yochotsedwa pa galimoto ina zikhoza kukutumikirani bwino. Koma ma brake pad, ma filter, malamba ndi mapulagi gulani atsopano. Chachikulu n'chakuti mudziwe mtundu umene mukulipira, chifukwa kuba kofala kwambiri ndi kulipiritsa mtengo wa yatsopano n'kuika yakale yotsukidwa ndi petulo.

Nanga agule ndani? Mukagula nokha, mumadziwa mtengo weniweni, koma sipeyayo ikakhala yolakwika kapena yabodza makaniko adzasamba m'manja. Akagula yekha, ali ndi udindo wonse, koma mpata wowonjezera mtengo ulipo. Pa ntchito zoyambirira njira yabwino ndi kupitira limodzi kusitolo, iye asankhe, inu mulipire ndi kutenga lisiti, mutanyamula sipeya yakaleyo kuti mufananize. Mukadzazolowerana mudzamusiyira.

Lipirani kudzera ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti patsale umboni. Ndalama ya ntchito ya manja musamalize kupereka galimoto isanatuluke. Makaniko amene wadya kale ndalama yonse amayamba kuthamangira galimoto ya amene sanalipire.

8. Posiya galimoto

Jambulani mbali zonse zinayi, m'kati mwa boneti, makilomita ndi muyezo wa mafuta, makaniko akuona. Mukatero palibe amene angadabwe pambuyo pake. Chotsani bulubuku, ndalama, zida zanu ndi chilichonse chamtengo. Muwerengere limodzi zimene zatsala: jeke, sipanala ya matayala, tayala la sipeya, ma triangle ndi chozimitsira moto. Siyani kiyi wa galimoto yekha, osati mulu wonse wokhala ndi makiyi a kunyumba. Nenani momveka ngati mukulola kuti aiyendetse poiyesa, komanso kuti masipeya onse akale akusungireni.

9. Potenga galimoto

Pitani kukadali kowala, ndipo musapite mothamanga. Yambani ndi masipeya akale: awerengeni mofananiza ndi zimene zalembedwa, ndipo funani kadontho kanu ka penti pa filter imene yachotsedwa. Onani batire ndi matayala ngati ali anu aja.

Lowani m'galimoto, tembenuzani kiyi kufika pa ON osaliza injini. Nyali zonse zochenjeza ziyenera kuyaka: ya check engine, ya ABS, ya airbag, ya oyilo, ya batire. Mukaliza injini ziyenera kuzima. Nyali imene siikuyaka n'komwe pa nthawi imeneyi ndi yokayikitsa, chifukwa alipo ena amene vuto likawakanika amangochotsa babu kapena kuiphimba ndi tepi kuseri kwa dashibodi. Choncho ndi bwino kujambula nyalizi musanasiye galimoto, kuti mudziwe zimene zinkayaka.

Mvetserani kaliridwe. Galimoto imene inalowa ikulira mofatsa n'kutuluka ikubangula, utsi wake ukununkha mwachilendo, mwina yachotsedwa catalytic converter. Kachipangizo kameneka kali pa paipi ya utsi ndipo m'kati mwake muli zitsulo zamtengo wapatali monga platinum ndi palladium, n'chifukwa chake kamabedwa. Suzumirani kunsi ndi tochi muone ngati pali powotcherera patsopano pamene simunatume.

Kenako yendani naye makanikoyo, inu muli pachiwongolero. Dutsani pamsewu wa mabampu, pondani mabuleki mwamphamvu pamalo opanda anthu, kwerani kachitunda, ndipo dikirani mpaka injini ifunde kuti muone ngati fani ikuyaka. Mukakhutira malizani kulipira, tengani lisiti, ndipo mufunse kuti vuto lomwelo likabwerera m'masiku angati adzakonza ulere. Lembani zonse m'kabuku: tsiku, makilomita, chimene chasinthidwa, ndi dzina la amene anagwira ntchitoyo. M'mawa mwake yang'anani pansi pamene galimoto inagona ngati pali madontho.

10. Zikavuta

Bwererani msanga, musanapite kwa makaniko wina, chifukwa wina akangogwirapo woyambayo adzakana zonse. Lankhulani ndi mwini galaja pambali, modekha, zithunzi ndi mauthenga zili m'manja. Nkhani zambiri zimathera pomwepa. Zikakanika, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, ndipo nkhani ya ndalama mukhoza kupita nayo kukhoti la majisitireti. Ngati pabedwa chipangizo, imeneyo ndi nkhani ya kupolisi.

Zolakwitsa zimene anthu amabwereza

Kusankha wotchipa kwambiri. Mitengo itatu ikakhala pafupipafupi ndipo wachinayi watchula theka, dzifunseni chimene achotsepo kuti apindule.

Kudzipima nokha matenda. Mukafika n'kunena kuti, "Sinthani pampu ya mafuta," adzasintha, ndipo vuto likapitirira mlandu ndi wanu. Fotokozani zimene mukuona ndi kumva: imachita liti, injini ili yozizira kapena yotentha, pa liwiro lanji, phokoso likuchokera mbali iti. Ngati phokosolo limabwera mwa apo ndi apo, lijambuleni pafoni.

Kudumphadumpha. Lero ku Biwi, mawa ku Kawale, mkuja kwa mnyamata wa pafupi ndi nyumba. Mapeto ake palibe amene akuidziwa galimotoyo, ndipo aliyense amaloza chala amene anagwirapo dzulo. Mukapeza amene wapambana mayeso a sevisi ndi ntchito ina imodzi yokulirapo, khazikikani, koma sungani dzina lachiwiri la tsiku limene woyambayo wadwala kapena wapita kumaliro.

Kukonzetsa kwa wachibale kapena wa kumpingo popanda kugwirizana mtengo. Ulemu umakutsekani pakamwa zinthu zikalakwika, ndipo mumataya ndalama ndi ubale womwe. Lemberanani monga mmene mungachitire ndi mlendo.

Kulola kuti amayi kapena achinyamata aopsezedwe ndi mawu akuluakulu. Makaniko akayamba kulankhula zoti musamve, mufunseni abwereze m'Chichewa chomveka ndipo akuonetseni ndi chala. Ngati akukana, tengani galimoto yanu.

Kufinya makaniko wabwino mpaka atatopa nanu. Kunenerera mtengo n'kwachibadwa, koma amene amalipira mochedwa, kapena kutenga galimoto n'kuzimitsa foni, asadabwe tsiku limene adzaimbe usiku ali pa Dedza n'kupeza kuti sakuyankhidwa.

Kudikira sabata ya COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Masiku a chiphasochi akatsala awiri mumavomera chilichonse ndi mtengo uliwonse. Onani tsiku lothera pa galasi lakutsogolo, mubwerere m'mbuyo mwezi wathunthu, ndipo mupite nayo galimoto kuti akaone mabuleki, nyali, matayala ndi chiwongolero nthawi yoitanitsa sipeya ikadalipo.